Kodi Jason Compson ndi wolakwiridwa kapena ndi wankhanza chabe?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangomaliza kuwerenga buku la William Faulkner lotchedwa The Sound and the Fury, lomwe linatuluka mu 1929. Funso lawo mwachidule linali lakuti: n'chifukwa chiyani owerenga ambiri amadana ndi Jason Compson, chikhalirecho pa ana anayi a banjalo iye yekha ndi amene amalawirira ku ntchito ndi kudyetsa pakhomo ponse? Iwo akuona kuti Jason ndi munthu wolakwiridwa amene mkwiyo wake uli ndi chifukwa.

Mayi, ndiyambe ndi kuvomereza mbali imene mwalondola, chifukwa si yaing'ono. Banja la a Compson, lomwe Faulkner analiika m'tauni yopeka ya Jefferson m'chigawo cha Mississippi kumwera kwa America, linali lotchuka kale koma chuma chinali chitatha, kutsala dzina lokha. Makolo anagulitsa busa lomaliza la banjalo, malo amene Benjy, mwana wawo wolumala m'maganizo, ankakonda kusewerako, kuti alipirire Quentin, mwana wawo woyamba, sukulu ku yunivesite ya Harvard ndiponso kuti achitire Caddy, mwana wawo wamkazi, ukwati wapamwamba. Quentin anadzipha pa 2 Juni 1910 atangophunzira chaka chimodzi. Ukwati wa Caddy unatha mwamuna wake, Herbert Head, atazindikira kuti mwana sanali wake, ndipo ntchito ya kubanki imene mwamunayo analonjeza Jason inathera pomwepo. Bambo awo anamwa mowa mpaka unawapha. Pa ndalama za busalo Jason sanapatsidwe kalikonse, ndipo mu 1928 tikumupeza akugulitsa zipangizo za ulimi m'sitolo ya munthu wina. Pamenepa sinditsutsana nanu ayi, pakuti mwana ameneyu anamanidwadi.

Koma taonani chimene iye anachita ndi chilonda chakecho. Caddy atathamangitsidwa ku ukwati, khanda lake lalikazi, lomwe analitchanso Quentin, linabweretsedwa ku Jefferson, ndipo mayi awo analamula kuti dzina la Caddy lisadzamvekenso m'nyumbamo. Mwezi ndi mwezi Caddy ankatumiza cheke cha madola 200 cholerera mwanayo. Jason ankalemba cheke chabodza n'kupatsa mayi ake kuti achitenthe, popeza iwo ankati ndalama za mkazi wochimwa sangazigwire, pamene chenichenicho ankakachisintha yekha n'kubisa ndalamazo m'kabokosi kokiya m'chipinda mwake, ndipo anachita zimenezi kwa zaka pafupifupi 15. Ife owerenga Chichewa tiyenera kuimva bwino nkhaniyi kuposa ena, chifukwa Jason ndi malume ake a mtsikanayo, munthu amene kwathu timamutcha mwinimbumba, amene mwana wa mlongo wake amathawirako zinthu zikavuta. Malume ameneyu ndiye anasanduka wodyera mwana masuku pamutu, uku akumutukwana tsiku ndi tsiku kuti ndi katundu wolemetsa pakhomo.

Mwina munganene kuti iye ankangodzibwezera ntchito ya kubanki imene inamuphonya chifukwa cha mlongo wakeyo, ndipo iyenso amadziuza zomwezo. Pali malo awiri m'bukumo amene amandiletsa kuvomereza zimenezi, ndipo ndikupemphani kuti muwawerengenso modekha. Oyamba ndi tsiku la maliro a bambo awo. Caddy anafika kumanda mozemba, nachonderera Jason kuti amuonetse mwana wake kwa mphindi imodzi yokha, ndipo anamupatsa madola 100. Jason analandira ndalamazo, nakwera ndi khandalo m'ngolo yokokedwa ndi akavalo, ndipo atafika pamene mlongo wake anaima analinyamula n'kulionetsa pazenera, kenaka anauza woyendetsa kuti akwapule akavalo. Caddy anathamangira ngoloyo mumsewu koma sanaipeze. Jason anali atalandira kale malipiro ake, moti kuimitsa ngoloyo kwa mphindi imodzi sikukanamuchotsera ngakhale senti.

Malo achiwiri ndi ang'ono kwambiri, koma kwa ine ndi amene amaulula mtima wake wonse. Madzulo a pa 6 Epulo 1928, Jason anafika kukhitchini ali ndi matikiti awiri aulere a chionetsero chimene chinabwera m'tauni, amene iye analibe nawo ntchito. Luster, mnyamata amene amasamalira Benjy tsiku lonse, mdzukulu wa Dilsey, mayi wachikuda wogwira ntchito pakhomopo, ankafunitsitsa kupitako koma analibe ndalama. Jason anati amugulitsa imodzi pa masenti 5, akudziwa bwino lomwe kuti mnyamatayo alibe, ndipo anatsegula chitofu n'kuponyamo tikiti yoyamba, kenaka yachiwiri, mnyamatayo akuyang'ana, Dilsey akumudzudzula. Ndinawerenga malo amenewa koyamba ndili wachinyamata ndipo mpaka lero amandiwawa mumtima. Munthu wongokonda ndalama sakanatentha chinthu chimene akanatha kugulitsa panja. Chimene Jason ankafuna chinali kuona nkhope ya mwana wosauka ikugwa, ndipo anasankha mwana wa anthu akuda ogwira ntchito pakhomopo chifukwa ankadziwa kuti ku Mississippi wa masiku amenewo mwana wotero analibe kokadandaula.

Komabe sindikufuna kuti mumve ngati Jason ndiye anapasula banjalo, chifukwa analipeza litang'aluka kale. Mayi awo, Caroline, ankakhalira kugona m'chipinda n'kumadzimvera chisoni, anasintha dzina la mwana wawo wolumala kuchoka pa Maury, lomwe linali la mlongo wawo, kukhala Benjamin pochita naye manyazi, ndipo ankanena poyera kuti Jason yekha ndiye anatengera mtundu wakwawo. Mwana woleredwa motero amakula akuona abale ake ngati anthu omulanda, osati ngati magazi ake. Timati chibale ndi fupa sichiola, koma m'nyumba ya a Compson amene anasunga chibalecho ndi Dilsey, yemwe sanali wamagazi awo: iye ndi amene anagula ndi ndalama zake keke ya tsiku lobadwa la Benjy pamene ankakwanitsa zaka 33, ndipo ndi amene anapita naye kutchalitchi cha anthu akuda pa Isitala osasamala zonena za anthu.

M'mawa wa Isitala womwewo, pa 8 Epulo, zinadziwika kuti mtsikana uja, mwana wa Caddy, ali ndi zaka 17, anathyola zenera la chipinda cha malume ake, natenga ndalama za m'kabokosi n'kuthawa ndi mwamuna wa kuchionetsero. Jason anauza mkulu wa apolisi kuti waberedwa madola 3,000, koma mkuluyo anakana kumuthandiza chifukwa ankakayikira mwini weniweni wa ndalamazo. Mawu owonjezera amene Faulkner anasindikiza mu 1946 amati zinali pafupifupi madola 7,000, ndipo Jason sakanatchula zonsezo popanda kudziulula kuti ndi wakuba. Mawu omwewo amatiuzanso kuti mayi ake atamwalira mu 1933, iye anatumiza Benjy kuchipatala cha boma cha odwala misala ku Jackson, nagulitsa nyumba ya makolo ake n'kukakhala yekha.