Yankho pa funso la mmene ubongo umasungira zomwe tawerenga

Mlongo, mwafunsa kuti chimasintha nchiyani mu ubongo mukamabwereza manotsi mpaka kuwaloweza. Maselo a ubongo sakhudzana, pakati pao pali kampata kakang'ono kwambiri, synapse, selo imodzi imatulutsa mankhwala onyamula uthenga otchedwa glutamate inzake nkulandira. Mbali yolandirayo ili ndi makomo awiri ofunika, AMPA ndi NMDA. Manje la NMDA limakhala lotsekeka ndi magnesium ngati chivindikiro pa botolo la munkoyo, sichichoka mpaka mauthenga abwere motsatizana mwamphamvu, chikachoka chabe calcium amalowa nkudzutsa enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito mu selo) yotchedwa CaMKII ndiye iyi imathandiza kuti makomo a AMPA achuluke pamenepo, uthenga womwewo ukabweranso umadutsa mosavuta. Izi ndiye amati LTP, kutanthauza kulimba kokhalitsa kwa synapse, asayansi Bliss ndi Lømo anazilemba mu 1973 atayesa pa akalulu, mu hippocampus, mbali ya ubongo yothandiza kukumbukira.

Chimene chimandigwira mtima ine nchakuti calcium yemweyo akalowa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali zimatembenuka, ma enzyme ena otchedwa phosphatase amachititsa kuti AMPA achepe, synapse nkufooka. Calcium yemweyo mwandi!

Komanso kuti kusinthaku kukhalitse kupitirira maola ochepa selo imayenera kupanga mapuloteni atsopano, apa puloteni yotchedwa CREB ndi imene imayatsa majini, malangizo opangira mapuloteniwo. Izi zimafuna nthawi, nchifukwa chake mwana wanga wa Giledi 12 kuno ku Chilenje ndimamukaniza kuchezera usiku wonse pa buku, amawerenga pang'ono lero, pang'ono mawa ngakhale mu minibasi, 22 koloko magetsi tazimitsa.