Malata akukwerabe, batire yakufa ikulimbiranidwa: nkhani ya zinki ndi mtovu

Bambo wina wa ku Lizulu wandilembera imelo. Akuti amalima kachewere ndipo akufuna kufolera nyumba, koma chaka chilichonse akasonkhanitsa ndalama amapeza malata akwera. Mwana wawo anawauza kuti zinki amene amakutira malata anatsikapo mtengo kunja. Nanga bwanji kuno sizinaoneke? Afunsanso chifukwa chimene anyamata ogula zitsulo zakale amalimbirana mabatire akufa.

Bambo, mwana wanuyo sananame. Mtengo wa zinki komanso wa mtovu (chitsulo cha m'mabatire) umene dziko lonse limatsatira ndi wa ku London Metal Exchange, msika wa zitsulo wa ku London, ndipo umawerengedwa m'madola pa tani. Mu Epulo 2022 zinki anapitirira madola 4,000. Nkhondo ya ku Ukraine inali itakweza gasi ndi magetsi ku Ulaya, pomwe kuyenga zinki kumadya magetsi koopsa, moti kampani ya Nyrstar inaimitsa fakitale yake ya ku Budel, ku Netherlands, mu Seputembala chaka chomwecho. Pofika pakati pa 2023 mtengo unagwa mpaka pansi pa madola 2,500, ndipo mgodi waukulu wa Tara ku Ireland unayamba waimitsa ntchito. Mutu wa nkhani unali China, yemwe amagwiritsa ntchito pafupifupi theka la zinki wa padziko lonse. Ntchito yomanga nyumba inazilala kumeneko kuyambira pamene kampani yaikulu yomanga nyumba ya Evergrande inalephera kubweza ngongole mu 2021. Zomangamanga zikachepa, zinki amasowa omugula.

Koma lata mukuliona pa hadiweya pajalo ndi chitsulo, zinki ndi kachikuto kopyapyala kongoteteza dzimbiri. Chitsulocho chimachokera kunja, chimagulidwa ndi madola, chimakwera sitima mpaka ku doko ngati la Beira, kenako galimoto. Ndiye kumbukirani zimene zinachitikira kwacha yathu: inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenakonso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kutsika konse kwa ku London kunamezedwa pomwepo. Ndinaona ndi maso anga mwini hadiweya wina pa boma la Ntcheu akufufuta mtengo wa pa bolodi ndi chikhatho, n'kulemba wina, kasitomala ali chiimire ndi ndalama m'manja. Zinandiwawa, koma naye amaopa kuti akagulitsa sathanso kupikula ena.

Choncho ine ndingati musadikire za ku London. Ndalama ya kachewere ikalowa, gulani malata ochepa amene mungathe, muwasunge pouma, osati pansi penipeni. Funsani geji, ndipo muligwire lata ndi dzanja. Lotchipa lopyapyala ngati pepala silichedwa kuchita dzimbiri ndi chifunga cha kumapiri kunoko.

Za mtovu ndi zina. Wochuluka kwambiri, kupitirira 80 peresenti, umathera m'mabatire a galimoto, a njinga zamoto ndi a sola. Ndipo woposa theka umene umayengedwa padziko suchokera mu mgodi, umachokera m'mabatire akale omwewo. Ndiye batire imene inatha mphamvu pakhomo panupo ili ndi msika wake, n'chifukwa chake anyamatawo amaiyeza pa sikelo.

Apa ndiye ndikupempheni, bambo. Gulitsani batireyo yathunthu. Musaiswe, musatayire asidi wake pabwalo, musalole ana kuseweretsa timapuleti ta m'katimo. Mtovu umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo ukalowa m'dothi suchokamo. Ku Kabwe, kwa anansi athu ku Zambia, mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa cha fumbi limene amasewerapo. Batire yanuyo, poyembekezera ogula, iikeni pamalo okhoma, kutali ndi khitchini ndi nkhokwe.