Foni isanatuluke, ndikonze ndalama zingati?

Sabata yatha mchemwali wina wanditumizira imelo, akuti pali foni yomwe ikutuluka posachedwa ndipo pa intaneti anthu akungokangana za mtengo, ena akuti sangapereke kuposa $800, ena akuti olo $1,200 alipira basi bola kamera ikhale ya mphamvu. Ndiye akufunsa kuti iwo akonze zingati.

Achemwali, choyamba musatengeke ndi zomwe anthu akulembazo, kutchula ndalama pakamwa n'kosavuta. Mu 2017 Apple italengeza iPhone X pa $999 anthu ambiri ankati kampaniyi yapenga, ndani angagule foni ya ndalama zonsezo? Koma anagula, ndipo kuyambira pamenepo makampani anaona kuti anthu amadandaula kenako n'kupisa m'thumba. Mu 2019 Samsung inabweretsa Galaxy Fold yopinda ija pa $1,980, pofika 2023 iPhone 15 Pro Max inkayambira pa $1,199 ndipo panalibenso amene anadabwa kwenikweni.

Chomwe chimandipweteka ine ndi anthu othamangira kugula tsiku loyamba. iPhone yoyamba inatuluka mu June 2007, ya 8GB inali $599, patangotha miyezi iwiri yokha anaitsitsa kufika $399, moti omwe anagona pamzere aja anakwiya mpaka Steve Jobs, mkulu wa Apple panthawiyo, anawapepesa n'kuwapatsa $100 yoti akagulire zinthu mu shopu za Apple zomwezo. Ndipo si ndalama zokha ayi. Galaxy Note 7 inatuluka mu August 2016, mabatire anayamba kuyaka moto, pofika October Samsung inasiyiratu kuipanga. Wogula tsiku loyamba ndi amene amayesera anzake foni, pamwamba pake n'kulipiranso mtengo wokwera kuposa onse.

Ine ndimawerengera chonchi. Tengani mtengo wa foniyo mugawe ndi miyezi yomwe mukudziwa mumtima kuti mukhala nayo. Foni ya $900 mukaigwira zaka 3 ndiye kuti ikukudyerani $25 pamwezi, mukaigwira zaka 5 ndi $15 yokha, koma ngati ndinu aja osintha chaka chilichonse ndi $75 pamwezi, ndiye mudzifunse nokha ngati kamerayo ikuyeneradi zimenezo. Apa m'pomwe nkhani ya ma apudeti, zokonza mapulogalamu zomwe kampani imatumiza ku foni, imalowa, chifukwa foni ikasiya kulandira ma apudeti achitetezo ndiye kuti yakalamba olo ikuoneka yonyezimira bwanji. Google ndi Pixel 8 mu 2023, komanso Samsung ndi Galaxy S24 mu 2024, analonjeza zaka 7 za ma apudeti, ndipo kwa ine chimenecho n'chifukwa chomveka chowonjezerera ndalama kuposa mtundu watsopano wa kumbuyo kwa foni.

Yanga ndili nayo chaka chachinayi tsopano, pakona pa sikirini pali kamng'alu kakang'ono komwe chala chimakodwa ndikamatsegula, batire ndinasinthitsa kamodzi litayamba kufa masana, koma imajambula ana bwinobwino ndipo sinandikanikepo chilichonse chomwe ndimafuna.

Chenjeraninso ndi mtengo womwe amaonetsa pa siteji polengeza foni yatsopano, umakhala wa sitoreji yaying'ono kwambiri, mukafuna yokulirapo nthawi zambiri ndi $100 ina, chaja yoika pakhoma mafoni ambiri odula sakuikanso mubokosi, kuphatikizapo kava.

Ndiye achemwali, lembani mtengo womwe mungakwanitse papepala mwambo wolengeza foniwo usanachitike, musanaone mavidiyo otsatsa foniyo. Ikatuluka ndi mtengo woposa pamenepo dikirani miyezi ingapo, kapena yang'anani ya chaka chatha yomwe imatsika nthawi yomweyo. Mundilemberenso kuti foni muli nayo pano ndi ya chaka chanji komanso chikukuvutani n'chani kwenikweni, mwina ndi batire chabe.