Funsani Tikuyankheni: Hina Yafiiritsa Imvi Zanga

Zikomo akonzi. Ndili ndi zaka 46 ndipo imvi zandituluka cha pachipumi. Ndinagula ufa wa hina pashopu ina ya amwenye ku Fordsburg, mumzinda wa Johannesburg, n'kupaka kwa ola limodzi. Imvizo zafiira ngati karoti, tsitsi lina lonse likadali bii. Ndalakwitsa pati? – Mayi wa ku Mayfair

Amayi, ufawo ndi wabwinobwino. Hina yeniyeni, yomwe pamapaketi amalemba henna kapena mehndi, ndi masamba osinja a chitsamba cha Lawsonia inermis, ndipo mtundu wake ndi umodzi basi: kufiira. Utoto wake umamatirira patsitsi koma sulichotsa kuda kwake. N'chifukwa chake imvi zokha n'zimene zaonekera. Chinanso, ola limodzi linachepa.

Tsitsi lalifupi limadya magalamu 50 mpaka 100. Lofika m'mapewa, makamaka lathuli lopotana, 150 kapena 200. Sefani ufawo, muusakanize ndi tiyi wofunda wopanda shuga ndi supuni imodzi ya madzi a mandimu mpaka ukhale ngati phala lolimbirako, losadontha pasupuni. Madzi owira ayi, amaononga utoto. Ena amathira mandimu okhaokha, koma ife sitikulimbikitsani: mpweya wa Johannesburg ndi wouma kale, ndipo tsitsi limatsala lokhakhala n'kumathothoka. Vundikirani ndi pulasitiki kwa maola 6 mpaka 12. Mu June ndi July, kukazizira, siyani usiku wonse pamalo ofundirako. Donthezani pang'ono pachikhatho: pakatsala banga lofiirira pakatha mphindi zisanu, yapsa.

Sambani m'mutu ndi shampu kuti mafuta achoke, chifukwa hina silowa patsitsi lamafuta. Pakani Vaseline m'mphepete mwa chipumi ndi m'makutu, valani magolovesi, gawani tsitsi m'mizere, ndipo muyambire pamene pali imvi. Musaumire, pakani mokhuthala. Kulungani mutu ndi jumbo, duku pamwamba, mukhale maola atatu kapena anayi. Ikauma pamutu imasiya kugwira ntchito. Tsukani ndi madzi ambiri ndi kondishina. Musathamangire kudandaula mukadziona pagalasi, mtundu umakhwima pakatha masiku awiri kapena atatu.

Ngati mukufuna lakuda, pakufunika ufa wachiwiri wa indigo, wa masamba a chomera china, womwe umapezeka m'mashopu omwewo. Mukatsuka hina, tsiku lomwelo kapena mawa lake, sakanizani indigo ndi madzi ofunda ndi kamchere pang'ono, popanda mandimu. Uwu sugonekedwa: pakani pasanathe mphindi 15 ndipo ukhale ola limodzi kapena awiri. Mukaupaka wokha pa imvi, popanda hina pansi, zimatuluka zobiriwira.

Mnzanga wandipatsa paketi yolembedwa black henna, akuti imadetsa m'mphindi 20 zokha. Tsitsi langa ndi lowongola ndi mankhwala. Ndipake? – Mtsikana wa ku Rosettenville

Achemwali, yambani mwatembenuza paketiyo muwerenge zimene zili m'kati. Hina yakuda kulibe. Yodetsa msanga choncho nthawi zambiri imakhala ndi PPD, mankhwala a m'madayi a kusaluni, amene ena amawatupitsa nkhope n'kuwatulutsa matuza m'mutu. Thupi likangoyamba kudana nawo, ndi mpaka kalekale. Ufa weniweni ndi wobiriwira, umanunkhira ngati udzu wouma, ndipo papaketi pamangolembedwa dzina la chomeracho. Paketi yosalembedwa kanthu isiyeni, chifukwa ina imasakanizidwa ndi michere yachitsulo imene imayambana ndi mankhwala ena a tsitsi.

Hina yeniyeni mungapake patsitsi lowongola, koma padutse masabata awiri chiliwongolereni. Yesani kaye pa tsitsi lotsalira m'chipeso, komanso kuseri kwa khutu, mudikire maola 48. Pakayabwa kapena kutupa, lekani. Dziwaninso kuti hina sisuluka. Mukatopa nayo, n'kudikira tsitsi latsopano, lomwe limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Ndipo ngati kuchipatala anakuuzanipo kuti muli ndi vuto la magazi la G6PD, musaiyandikire, komanso makanda asapakidwe, chifukwa imatha kuswa maselo ofiira a m'magazi.