Kodi buku lachiwiri la Tomi Adeyemi likufikapo pa loyamba?

Mwafunsa ngati Children of Virtue and Vengeance, buku lachiwiri la Tomi Adeyemi lomwe linatuluka mu 2019, likufikapo pa Children of Blood and Bone la mu 2018. Ndinawerenga onse awiri, ndipo kwa ine silikufikapo, ngakhale kuti mfundo yake ndi yozama kuposa ya loyambalo.

Buku loyamba linali ndi ulendo umodzi womveka bwino. Zélie, mlongo wake Tzain ndi Amari, mwana wamkazi wa mfumu Saran, anali ndi masiku owerengeka oti abwezeretse matsenga m'dziko la Orïsha, ndipo changu chimenechi chinkachititsa kuti munthu asafune kulitula pansi. M'buku lachiwiri matsengawo abwereradi, koma adzukanso mwa anthu a m'mabanja olamulira amene ali ndi magazi a amaji (anthu amatsenga omwe mfumu inkawapondereza), kotero kuti opondereza nawonso apeza mphamvu zomwe oponderezedwa ankadalira. Apa ndi pamene wolembayo anandigwira mtima, makamaka pa Amari, amene kufunitsitsa kwake kukhala mfumukazi yabwino kumamufikitsa pochita zinthu zoopsa kumudzi wa Ibadan.

Chomwe chinandifooketsa ndi kubwerezabwereza. Zélie, Amari ndi Inan (mlongo wake wa Amari) amakhulupirirana, kenako n'kupandukirana, kenakonso n'kuyesa kugwirizana, mpaka pakati pa buku nkhani imaoneka ngati ikungozungulira malo amodzi. Chisoni cha Zélie pa imfa ya bambo ake chinalembedwa moona, koma nkhondo zotsatizana sizimupatsa wowerenga mpata wolira naye.

Mapeto ake amadula nkhani mwadzidzidzi, ndipo buku lachitatu linatuluka mu 2024, choncho inu simudikira zaka zambiri monga tinadikirira ife. Ngati Amari anakusangalatsani m'buku loyamba, liwerengeni ndithu.