Ngongole zisanu, malipiro amodzi: yankho kwa aphunzitsi a ku Santhe

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pulayimale kufupi ndi Santhe, kuno ku Kasungu. Apempha kuti dzina lawo lisatuluke, ndipo ndaifupikitsa:

"Ndili ndi ngongole zisanu. Ya kampani yomwe imadula pa malipiro yatsala K900,000, amadula K85,000 pamwezi ndipo kwatsala miyezi 14. Ku SACCO kuli K400,000, ku banki mkhonde K150,000, pagolosale K60,000, kwa wakatapila K100,000. Wakatapilayo ndamupatsa K50,000 mwezi ndi mwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi, koma akuti zonsezo ndi chiwongoladzanja chabe, ndipo khadi yanga ya ATM amasunga iyeyo. Kampani ina yati ingandigulire ngongole zonse, ine ndizilipira K95,000 pamwezi kwa miyezi 48. Mnzanga akuti ndingopita kukhoti akandilengeze kuti ndalephera kubweza. Bambo a kunyumba akuti tidikire fodya. Ndisankhe ziti?"

Mayi, zikomo polemba zonse osabisa, makamaka za katapilazo, poti ambiri akamafunsa malangizo amatchula za kubanki zokha, za mseri n'kuzimeza. Yankho langa mwachidule ndi ili: pepala la miyezi 48 lija musasaine, za kulengezedwa kukhoti muziike pambali kaye, ndipo fodya asalowe m'pangano lililonse asanakwere pasikelo. Chimene chingakupulumutseni ndi mapangano angapo ang'onoang'ono, lililonse lolembedwa, ndipo lililonse likhale loti mungalikwanitse mwezi wa February, osati wa June wokha.

Tiyambe ndi kampani yofuna kukugulirani ngongoleyo, chifukwa ndikudziwa kuti ndiye yakukopani mtima. Munthu mmodzi womulipira, tsiku limodzi, foni n'kusiya kulira usiku. Koma tengani cholembera. Ngongole zanu zonse pamodzi ndi K1,610,000. K95,000 kuchulukitsa ndi 48 ndi K4,560,000. Mudzabweza pafupifupi katatu zomwe muli nazo lero, ndipo mwana amene ali Fomu 1 chaka chino adzalemba MSCE inu mukudulidwabe. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Onaninso ngongole yaikulu ija: K85,000 kwa miyezi 14 ndi K1,190,000, ndiye kuti pakangotha chaka ndi miyezi iwiri payslip yanu yapuma. Ngongole yoti yatsala pang'ono kufa, inu mukufuna kuipatsa moyo wina wa zaka zinayi.

Sindikunena kuti kuphatikiza ngongole n'koipa nthawi zonse. Kumathandiza ngati ngongole yotchipa ikupha yodula. Kuti mudziwe, funso lofunsa pakauntala si lakuti "pamwezi muzidula zingati?" ayi. Funsani kuti, "Pofika tsiku lomaliza ndidzakhala nditalipira zingati zonse pamodzi, ndipo m'manja mwanga mulowa zingati lero?" Pakati pa manambala awiriwa ndi pamene pamabisala ndalama yokonzera mafomu, inshuwalansi ndi tina n'tina todulidwiratu ndalama isanakufikeni. Funsaninso ngati chiwongoladzanja amawerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga mpaka kumapeto, kapena pa yotsala yokha. Awiri angathe kutchula peresenti yofanana, koma woyamba uja amakulipiritsani ngakhale pa ndalama imene munabweza kale. Ndipo dziwani kuti ndalama ndi yodula masiku ano m'dziko muno. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu February 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti. Wobwereketsa aliyense amaika chake pamwamba pa zimenezo. Akakuuzani kuti yake ndi yotchipa, muuzeni alembe papepala mupite nalo kunyumba. Akakana kukupatsani pepala, mwamva kale yankho.

Musanapite kwa aliyense, khalani pansi ndi bambo a kunyumba muwerenge ndalama imene ingatuluke m'nyumba mwanu mwezi uliwonse mutachotsa chimanga, chigayo, ndiwo, sopo, fizi, mayendedwe ndi kakang'ono ka matenda. Simunandiuze kuti malipiro anu ndi angati, koma nambala imeneyi ndiyo mwini nkhani. Muiwerengere pa mwezi wovuta, pamene nkhokwe yapepuka, fizi ya teremu yachiwiri yangotuluka kumene, ndipo aganyu kumunda akufuna zawo. Anthu ambiri amagwa pamapangano chifukwa cha manyazi: atakhala pamaso pa bwana wa ofesi amalonjeza K60,000 pamene angakwanitse K35,000, mwezi wachitatu aphonya, ndipo ulendo wachiwiri palibe amene amawamvera.

Tsopano wakatapila. Ameneyu ndiye bala limene likutaya magazi, ngakhale ndalama yake ikuoneka yochepa. Munatenga K100,000, mwamupatsa K300,000, ndipo iye akuti simunayambe n'komwe. Choyamba pitani kubanki yanu mukatseketse khadiyo, akupatseni ina ndi nambala yachinsinsi yatsopano. Akaunti ndi yanu, simufunika chilolezo chake. Kenako musakumane naye awiriwiri. Pakhale a mfumu kapena mkulu wina womulemekeza nonse, muike patebulo mndandanda wa masiku ndi ndalama zomwe munapereka (ngati zina munatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, mauthengawo musafufute), ndipo mumuuze kuti mukufuna nkhani itsekedwe ndi ndalama imodzi yotchulidwa, popanda chiwongoladzanja china. Mukagwirizana, zilembedwe, nonse musaine, mboni zisaine.

Adzaopseza za polisi, amatero onse. Kulephera kubweza ngongole si mlandu wotsekera munthu m'chitokosi cha polisi, ndi nkhani ya kukhoti la milandu ya ndalama. Ndipo kukhotiko wakatapila sapitako mokondwa, chifukwa tili ndi lamulo lotchedwa Loans Recovery Act limene limapatsa khoti mphamvu yotsegulanso pangano la ngongole ngati chiwongoladzanja chake n'chopitirira muyeso ndi chankhanza, n'kuwerengera mwatsopano zimene munthu ayenera kubweza. Iye amadziwa zimenezi kuposa inu. Akayamba kubwera kusukulu kudzakuchititsani manyazi pamaso pa ana, kapena kunyamula katundu m'nyumba mwanu, pamenepo ndinu woyenera kupita kupolisi.

Ku SACCO ndi kumene ndikanayamba kugogoda mwaulemu, chifukwa kumeneko simuli kasitomala chabe, ndinu membala, muli ndi masheya. Lembani kalata kwa komiti yoona za ngongole, osangolankhula ndi kalaliki pawindo. Nenani zoona zonse, kuphatikizapo za katapila, ndipo pemphani chimodzi mwa ziwiri: atalikitse nthawi yobwezera kuti ya pamwezi itsike mpaka miyezi 14 ija ithe, kapena, ngati malamulo awo akulola ndipo simunaphonyepo kwambiri, akuonjezereni yochepa yongokwanira kutseka banki mkhonde ndi wakatapila. Kuphatikiza kumene ndingavomereze ndi kumeneku, K250,000 kapena kucheperapo, osati K1,610,000. Ma SACCO ambiri amathanso kuchotsa ngongole pa masheya a membala. Imeneyo ndi njira yopweteka poti mumataya zimene munasunga zaka zambiri, koma iposa kuti ayambe kudula anzanu amene anakusainirani ngati mboni zovomera kubweza inu mukalephera. Anthu amenewo muwauze nokha zinthu zisanafike poipa. Mphunzitsi mnzanu akadzaona payslip yake yadulidwa chifukwa cha inu asanamve kanthu, mu staff room simudzakhalikanso.

Kampani yodula pa malipiro ija, ine ndikanaisiya momwe ilili, ingomaliza miyezi yake. Pokhapokha ngati mutawerengera mwapeza kuti zotsala pa malipiro sizikufika n'komwe pa chakudya, pamenepo apempheni atalikitse pang'ono, koma akuuzeni molemba kuti kutalikitsako kuonjezera zingati. Adzakuuzani za "top-up". Imeneyo si thandizo, ndi ngongole yatsopano yoyambira pa mwezi woyamba. Pemphaninso sitetimenti yoonetsa zonse zimene adula chiyambire, muifananize ndi ma payslip anu. Zimachitika ndithu kuti ngongole yatha koma kudula kukupitirira. Mukapeza cholakwika dandaulani kwa iwo molemba, ndipo akapanda kukonza, makampani obwereketsa ndalama ndi ma SACCO omwe ali ndi ziphaso amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank, ndipo ofesi imeneyo imalandira madandaulo a anthu. Kumbukiraninso kuti mabungwe oterewa amapereka mbiri ya obwereka ku ma credit reference bureau, malinga ndi lamulo la 2010. Munthu amene anapempha pangano latsopano n'kulisunga amaoneka mosiyana kwambiri ndi amene anangozimitsa foni.

Ku banki mkhonde lamulo ndi buku la gulu komanso nkhope za amayi anzanu. Musatumize uthenga, pitani pamsonkhano nokha. Pemphani kuti chiwongoladzanja chiime pa tsiku limenelo, mutchule ndalama imene muzibweretsa pa msonkhano uliwonse, ndipo yotsala adzachotse pa masheya anu tsiku logawana. Mlembi alembe m'buku, wapampando ndi msungichuma asaine, inu mujambule tsambalo pa foni. Chimene gulu limaopa ndi kufika tsiku logawana bokosi lili ndi dzenje. Mukawaonetsa kuti dzenjelo litsekeka bwanji, ambiri amafewa, ngakhale padzapezeka mmodzi wolankhula zolasa. Mumulole alankhule. Za kunyamulirana ndowa, mbale ndi malata zimayamba munthu akayamba kujomba misonkhano.

Wagolosale mupatseni kenakake mwezi uliwonse, alembe m'kope mwake inu mukuona, ndipo musiye kutenga pangongole mpaka ithe.

Za mnzanu uja. N'zoona kuti lamulo lilipo, Insolvency Act ya 2016, ndipo munthu angathe kulengezedwa kuti walephera kubweza ngongole zake. Koma si kungolowa kukhoti n'kutuluka wopepuka. Nkhani zake zimapita ku Khoti Lalikulu, zimafuna loya ndi ndalama, katundu wanu amaperekedwa m'manja mwa munthu wina kuti agulitse n'kugawira amene muli nawo ngongole, ndipo dzina lanu limakhala ndi chipsera kwa obwereketsa. Pa ngongole ya K1,610,000, munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, njira imeneyo ingakudyereni zambiri kuposa zomwe ingakupulumutsireni.

Khoti limene lingakukhudzeni ndi la majisitireti, ngati mmodzi wa anthuwa atakusumirani. Chisamani chikabwera, musachibise pansi pa matiresi. Mukapanda kupita, mlandu umagamulidwa inu kulibe, ndipo chotsatira ndi masherifu pakhomo, amene ndalama zawo zoyendera zimaonjezedwanso pa inu. Mukapita, muli ndi mwayi wovomera ngongole yeniyeni, kutsutsa zoonjezera, n'kupempha kuti muzibweza pang'onopang'ono. Tengani ma payslip, malisiti a fizi ndi pepala lanu la bajeti lija. Mungathenso kugwirizana ndi wokusumiraniyo panja, khoti n'kusindikiza mgwirizanowo kukhala chigamulo. Pa mapangano onse amene ndatchula, limeneli ndiye lolimba: iye sangadzuke mawa n'kusintha nambala, koma inunso mukaphonya, njira ya masherifu imakhala yotseguka kale. Ngati loya simungamukwanitse, funsani ku Legal Aid Bureau.

Bambo a kunyumba sakulakwa kuyembekeza fodya, koma muwakumbutse mmene pepala la ku msika wa fodya wa Chinkhoma limaonekera. Pamwamba pamakhala nambala yosangalatsa ya madola, kenako mizere yochotsera imatsika: msonkho, za okushoni, mayendedwe, ziguduli, ndipo ngati analima pa kontilakiti, kampani imayamba yatenga za feteleza ndi mbewu zake. Belo lina limabwezedwa, lina limagulidwa pa mtengo umene simunaulote. Msika umatsegulidwa cha mu April, ndipo kudikira mpaka apo wakatapila akudya K50,000 mwezi uliwonse n'kumulimira iyeyo. Choncho m'mapangano anu lembani ndalama ya pamwezi yochokera pa malipiro okha, ndiye muonjezere mzere umodzi wonena kuti muli ndi ufulu wobweza zambiri kapena kutseka ngongole nthawi isanakwane popanda chindapusa. Fodya akachita bwino, ndalamayo ikagwere pa ngongole imene chiwongoladzanja chake n'chokwera kuposa zonse. Akapanda kuchita bwino, palibe pangano limene lasweka.

Chinthu china chimene ndikukupemphani: pokonza mapangano atsopanowa, wina adzafuna chikole chimene poyamba panalibe, njinga yamoto ya bambo, ng'ombe, kapena pepala la puloti. Kanani. Ngongole yopanda chikole ikavuta, mwini wake amayenera kudzera kukhoti. Mukangoika puloti, mwamufupikitsira njira yofika pa nyumba ya ana anu. Ndipo bambo asasaine monga mboni pa ngongole zanu zakale, kuti ndalama ya fodya ikhale ndi mwini mmodzi woilamula.

Pa pepala lililonse muonetsetse kuti pali ngongole yotsala pa tsiku losainalo, ngati chiwongoladzanja chaima kapena chikupitirira ndi pa mlingo wanji, ndalama ya pamwezi ndi tsiku lake, mwezi womaliza, ndi chimene chidzachitike mukachedwa kamodzi. Tsiku lolipira mulisankhe patadutsa masiku angapo kuchokera pa tsiku la malipiro, poti inu aphunzitsi mukudziwa bwino kuti malipiro a boma nthawi zina amalowa mochedwa. Kope imodzi ikhale yanu, yosainidwa ndi yodindidwa, ndipo mukamaliza kubweza musachoke paofesi popanda kalata yonena kuti ngongole yatha.