Ndalama za boma zothandizira laibulale ndi intaneti: yankho kwa achemwali

Achemwali, ndaona funso lanu loti kodi boma limapereka ndalama zothandizira laibulale ya m'dera komanso kuikamo intaneti, ndiye mukagogode khomo liti. Ena akuyankhani kale kuti iwalani, kulibe zimenezo, koma sizili choncho kwenikweni. Ndalama zimatuluka ndithu, kungoti palibe ofesi imodzi yoti mukafika akupatsani fomu yolembedwa kuti thandizo la laibulale ayi. Makomo ake ndi angapo ndipo lililonse lili ndi chake.

Mabuku kaye. Kumeneko ndi kwa a National Library Service, likulu lili ku City Centre ku Lilongwe, nthambi ku Blantyre, Mzuzu ndi maboma ena. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo limayendera ndalama zomwe boma limaika mu bajeti chaka ndi chaka, ndiye cheke musayembekezere, nawonso thumba lawo ndi lomwelo. Chomwe mungapezeko ndi mabuku, ena amachokera kwa abwenzi akunja ngati a Book Aid International, komanso upangiri wa kasungidwe kake. Koma mukapite muli ndi chipinda kale, chokhoma, chosadontha, komiti ilipo, osati kungonyamula maloto okha.

Za makompyuta ndi intaneti ndi nkhani ina. A MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, intaneti ndi mawayilesi, ali ndi thumba lotchedwa Universal Service Fund lomwe linabwera ndi lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la 2016, makampani a mafoni ngati Airtel ndi TNM amasonkhako, cholinga chake netiweki ndi intaneti zifike kumalo komwe kampani siingaone phindu. Kale kunali ma telecentre aja, malo omwe anthu ankapitako kukagwiritsa ntchito makompyuta ndi intaneti, kenako anayamba kumanga zipinda za makompyuta m'masukulu a sekondale mu pulojekiti ya Connect a School. Ndiye mukandifunsa ine, laibulale yomwe yatsamira pa CDSS kapena pa TDC, pomwe aphunzitsi a m'zoni amachitira maphunziro awo, ili ndi mwayi kuposa yoima payokha pa trading. Palinso Digital Malawi, ija inayamba 2017 ndi madola 72.4 miliyoni a World Bank, yoyendetsedwa ndi a PPPC, bungwe loona za mgwirizano wa boma ndi makampani, ndi yomwe inaika Wi-Fi yaulere m'malo ena opezekamo anthu ambiri. Paja imeneyo inali ngongole, tibweza ndife ndi ana athu, choncho pofunsa musamachite manyazi ngati mukupempha mchere kwa aneba.

Nyumba, mashelefu, mipando, izo ndi za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, ndi khonsolo. Njira yake mukuidziwa, nkhani iyambire ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ikwere ku ADC, ya dera la mfumu yaikulu, ilowe mu pulani ya chitukuko ya boma lanu, a khansala ndi a MP aidziwe. Vuto ndi loti pa msonkhano wa VDC mukanena laibulale anthu amakuyang'anani ngati mwasokonezeka, wina akufuna mjigo, wina mlatho, wina sikelo ya ana, ndipo sakulakwa. Akumbutseni za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, anasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ija koma makina ake opanga magetsi ndi mphepo anawaphunzira m'buku la m'kalaibulale kakang'ono ka pa pulayimale pomwepo.

Koma chenicheni chomwe ndalembera zonsezi ndi ichi. Mathandizo amenewa amagula zinthu zooneka, zoti nduna ibwere kudula riboni ajambule zithunzi. Zolipira mwezi ndi mwezi nthawi zambiri zimatsala kwa inu. Kwathu tinalandira makompyuta 10 kuchokera ku pulojekiti ina yake, dzina sinditchula, tsiku lotsegulira kunali magule, mafumu, nsima ndi mbuzi, ine ndinali mlembi wa komiti ndiye ndinkayenda chifuwa patsogolo. Miyezi itangodutsa bandulo yomwe anatisiyira inatha, mayunitsi a magetsi anatha, mnyamata yemwe ankaphunzitsa ana kutayipa anatopa kugwira ulere anapita ku Joni. Ndinalowamo tsiku lina ndikupeza makompyuta onse afunditsidwa zitenje ngati maliro, pa kiyibodi pali ndowe za mbewa, mlonda wasandutsa chipindacho mosungira matumba ake a chimanga. Ana amangosuzumira pa windo. Zimandiwawabe mpaka lero chifukwa makinawo sanaonongeke ayi, tinangosowa ndalama yochepa ya mwezi uliwonse yomwe palibe anaiganizira pachiyambi.

Ndiye musanalembe pulopozo khalani pansi ndi komiti, pepala ndi bolopeni, muwerengere magetsi, bandulo, malipiro a wosamalira ndi mlonda, inki ya pulinta, kenako mulembe kuti ndalamayo izichokera kuti. Fotokope, kupulinta, kutchajitsa mafoni, kuthandiza anthu kulemba makalata a ntchito kapena kufunsira malo ku yunivesite pa intaneti, zimenezi zimalowetsa kandalama ndithu makamaka nyengo ya mayeso, bola isungidwe ku akaunti ya anthu atatu osainira, osati m'thumba la a tcheya. Ndipo pemphani sola ndi mabatire pamodzi ndi makompyutawo, ndi kuthimathima kwa magetsi kuno kompyuta yopanda sola ndi chokongoletsera chabe. Bola makompyuta 4 oyaka tsiku lililonse kusiyana ndi 20 ofunditsidwa zitenje.

Sabata ino kaonaneni ndi ahedi a CDSS kapena a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale wa m'zoni yanu, mufunse ngati pali chipinda chongokhala, ndipo msonkhano wa VDC ukubwerawu mukapite ndi makolo angapo omwe ana awo ali Fomu 3 ndi 4, iwowo ndi amene akakuyankhulireni.